Dzanja la Hawa Silinafike pa Khutu

Amayi anga,

Kodi kumeneko mwaswera bwanji? Kuno tilipo, Alhamdulillah. Mwera unaleka, kwayamba kutentha, ndipo mango a mumtengo mwanu muja akadali aawisi koma ana ayamba kale kuwagenda. Ndikulemba nditakhala pakhonde panu, pakona pomwe munkapetera mpunga. Ndikudziwa zomwe mukananena: "Patuma, pepala ukuliwonongeranji pa munthu wosadziwa kuwerenga?" Koma makalata a amalume ochokera ku Joni ankakuwerengerani ndani? Si ine? Ndiye iyinso ndikamaliza ndiiwerenga mokweza, inu muzingomvera, ndipo mukafuna kundidula pakamwa monga mwa chizolowezi chanu, ndiduleni.

Ndiyambe ndi zapakhomo. Mpongozi wanu Asiyatu, mkazi wa achimwene Yusufu, anachira Ramadani itangotha. Ndi mwana wamwamuna, wonenepa, mphuno yotambalala ya Ababa ija munkaiseka. Anamutcha dzina la Ababa lomwelo, ndiye muwauze kumeneko kuti dzina lawo silinagwe pansi. Ku sikimu mpunga unachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinandichita chipongwe. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma mbalame za ku Lifuwu si zopusa, zikudziwa kuti mwini mawu anapita. Inu munkangokuwa kamodzi, zonse n'kubalalika mpaka munda wa eni ake. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiwiri, kamodzi kanafa. Bambo a Hawa akadali ndi zakunyanja zawo, koma usipa ukuvuta. Tsiku lina abwera ndi ndowa, tsiku lina abwera ndi nkhani zokhazokha.

Sadaka yanu tinachita bwinobwino. Anthu anadya n'kukhuta, ndipo a shehe anapereka duwa yaitali mpaka miyendo inachita dzanzi. Kunabwera ngakhale amayi a kumtunda, a mipingo yawo, amene ine sindinkawadziwa n'komwe. Akuti ankagula usipa pa benchi yanu ya kumsewu ija.

Vuto linabwera ndi mvula yoyamba mutapita. Khoma la kuchipinda kwanu linagwa masanasana, tonse tili kumunda. Palibe anavulala. Koma sutikesi yanu inanyowa, ndipo zonse munkasungamo zinasanduka phala: chithunzi cha Ababa, makalata a amalume, ndi buku la kusikelo la Hawa. Buku limeneli ndi lomwe landilembetsa kalata ino.

Mdzukulu wanuyo mukumudziwa kuposa ine. Anabadwa masiku asanakwane, anthu akumweta mpunga, ndipo munamulandira ndinu m'ngolo tisanafike kuchipatala. Munati akulemera ngati chambo chimodzi. Ine ndili chigonere, munkamufungatira pachifuwa panu, ndipo atayamba kuyenda, ine ndikapita ku sikimu ankaswera ndi inu pa benchi. Thupi lake silinasinthe khalidwe. Amadya ndithu, koma akaima ndi anzake obadwa nawo chaka chimodzi amawalekeza m'mapewa. Kuyankhulanso ndi kwa apo ndi apo. Amangokuyang'ana ndi maso aakulu aja, ngati akukusungira mlandu.

Chaka chatha, atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndinapita naye kukamulembetsa Sitandade 1. Tinaima pamzere pansi pa mtengo, dzuwa lili pamutu, aphunzitsi aamuna atakhala patebulo akulemba mayina. Titafika ife anapempha buku la kusikelo. Ndinafotokoza za khoma, n'kuwaonetsa buku latsopano lomwe ndinakatenga kuchipatala. Analiyang'ana uku ndi uku.

"Mayi, buku latsopano aliyense akhoza kulembetsamo zaka zomwe akufuna," anatero. "Iwe, tabwera kuno. Gwira khutu."

Amayi, mwambo umenewu sunathe. Ndi womwe uja: mkono udutse pamwamba pa mutu, zala zikagwire khutu la mbali inayo. Zikafika, wakula. Zikapanda kufika, kazipita ukayamwe. Hawa anakweza kamkono kake, n'kukakamiza, n'kupendeketsa mutu, koma zala zinathera m'tsitsi, patatsala mpata wa zala ziwiri.

"Abwere chaka chamawa. Wotsatira!"

Ndinalimbana nawo. Ndinati mwanayu zaka zake zakwana, ndinamubala ndine. Iwo anati ana ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo amayi ambiri amabweretsa tiana ta zaka zinayi pofuna kuti sukulu iziwalerera iwo ali kumunda. Sanali kunama, zimenezo zimachitikadi. Anandifunsa ngati ndili ndi umboni wina. Umboni wanga unali inu, Amayi, amene munkadziwa tsiku lobadwa la mwana aliyense m'mudzi muno potchula mphepo yomwe inkawomba ndi ntchito yomwe inali kumunda. Koma munali mutagona kale kumanda. Tinabwerera, anzake a Hawa akulowa m'kalasi. Panjira sanalire. Ndinalira ndine.

Mukudziwa chifukwa chake. Inenso khutu linandibweza kawiri. Mukukumbukira momwe munkandikokera mkono m'mawa uliwonse ndisanasambe kumaso? Munkandilendewetsa pa nthambi ya mango, n'kumati, "Gwiritsa, utalike!" Ababa ankaseka mpaka kutsokomola. Ndinayamba sukulu mochedwa, ndipo ndinkakhoza, inuyo munkanyadira ngakhale lipoti munkaligwira chadodolido. Koma msinkhu unandipeza ndisanapite patali. Ndinakula ndili pakati pa tiana, tinkanditcha "anti", ndipo manyazi anandichotsa pa sukulu ndisanalembe mayeso a Sitandade 8. Munandikalipira sabata yathunthu. "M'mera mpoyamba," munatero pomaliza, mukuyang'ana kumbali, ndipo ndinadziwa kuti simukunena ine, mukudzinena nokha. Sindinafune kuti Hawa ayende njira imeneyo. Chaka chimodzi chinali chitapita kale, ndipo chachiwiri sindikanachilola.

Ndiye ndinachita zomwe ndinaphunzira kwa inu: ndinayamba kumukoka mkono. Masiku atatu okha. Tsiku lachitatu akulira, bambo ake anatuluka m'nyumba n'kunena kuti, "Mayi a Hawa, mwana si khoka woti muzimukoka. Musiyeni." Ndinamusiya, koma mtima sunakhale pansi.

Nzeru ina ndinaipeza ku Khombedza. Tsiku la msika ndimapita kumeneko ndi mpunga, ndipo pafupi ndi pomwe ndimakhala pali kashopu ka mayi wina, mayi a Tadala, amene amajambula mapepala pa makina. Tsiku lina nditawadandaulira, anati, "Asisi, mkono simungautalikitse, koma mutu mukhoza kuutsogoza. Ukaipa dziwa nyimbo." Anandionetsa pa foni yawo mapepala ophunzitsira ana, ambirimbiri, oti munthu ungosankha n'kusindikiza. Musandifunse kuti m'foni amalowamo bwanji, inenso sindidziwa. Makinawo ali ngati kachigayo: kuno kumalowa pepala loyera, uko kumatuluka lolembedwa, likadali lofunda. Magetsi akazima timadikira, monganso kuchigayo. Kuyambira tsiku limenelo, sabata iliyonse ndinkabwerera ndi mapepala angapo m'jumbo, nditawabisa pansi pa thumba kuti asapindike m'minibasi.

Tinayamba ndi zilembo. Chilembo chilichonse chimakhala cha timadontho, mwana n'kumatsata ndi pensulo mpaka chioneke. Hawa ankagona chafufumimba pamkeka pakhonde pompano, lilime lili panja ngati inu mukamalowetsa ulusi pa singano. Masabata oyamba ankayambira kumanja kupita kumanzere monga amachitira ku madrasa, ndipo ndinavutika kumufotokozera kuti zilembo izi zimayenda mosiyana ndi zija. Mapepala oyambawo anali a Chingerezi, okhala ndi zithunzi za zinthu za kwa eni ake. Apozi sanamuonepo, ndiye anamutcha tomato wa mchira. Chomwe anachizindikira msanga ndi mbidzi, poti bambo ake anamuonetsapo ina patsidya pa mpanda wa malo osungira nyama a ku Kuti. Mayi a Tadala ataona kuti tikuvutika, anayamba kutipangira okha a Chichewa: a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi. Mvula isanathe, Hawa anali akulemba dzina lake, ndipo analilemba paliponse, ngakhale pa chitseko chanu ndi khala. Sindinafufute.

Pepala lomwe analikonda kwambiri ndi la mapu a dziko lathu. Linali lopanda mtundu, loti mwana apake yekha. Nyanja anaipaka mosamala kwambiri, osatulukira m'mbali, kenako anafunsa kuti nyumba yathu ili pati. Ndinaika kadontho pa Salima. Anadabwa kuti mudzi wonse, sikimu, mzikiti ndi mbuzi zomwe zakwana m'kadontho kamodzi. Pofuna kumuuza za maboma ena, ndinangodzimva ndikuyankhula mawu anu. Paja inu mapu anu anali a pamchenga, olemba ndi chala, ndipo malo munkawadziwa ndi katundu wake: ku Dedza kumachokera mbatatesi ndi anthu ovala majuzi, ku Ntchisi nyemba, ku Mulanje tiyi, ku Nkhotakota mpunga woti sungapose wathu ngakhale eni ake alumbire. Mbali za dziko munkazidziwa ndi mphepo: uku mwera, uku mpoto, uku vuma. Simunafikeko ngakhale ku Blantyre, koma palibe woyendetsa lole amene akanakunamizani za komwe wachokera. Ndinaphunzitsa Hawa momwemo, pepala lili pamkeka, chala changa chili pamchenga. Tsiku limenelo ndinakusowani kwambiri, Amayi, kuposa tsiku la maliro.

Tsono masamu. Apa ndiye pamene ndili ndi mlandu, ndipo ndikuuzani wonse popanda kudzikometsera.

Mapepala a masamu amakhala ndi zithunzi. Kuno zinthu zitatu, uko ziwiri, pamapeto kabokosi koti mwana alembemo zonse pamodzi. Hawa manambala anawadziwa msanga, ndipo tsiku lina ankakhoza pepala lonse mpaka ine kuvina. Koma mawa lake, samu yophweka ngati nsomba zitatu ndi nsomba ziwiri, iye n'kulemba 6. Ndimuuze kuti wabwereza kuwerenga, afufute, awerengenso, alembenso 6 yemweyo. Ndinagula cholembera chofiira ngati cha aphunzitsi enieni, n'kumathetha. Ndinaganiza kuti mwina ndi maso, koma munthu wa maso ovuta sapaka nyanja osatulukira m'mbali. Ndiye ndinati ndi matama basi.

Mtima wanga mumaudziwa, munkati ndinatengera azakhali. Ndinayamba kukalipa. Tsiku lina, nditatopa ndi mbalame kumunda, ndinapeza wathira 6 pamene pamafunika 5, ndi 8 pamene pamafunika 7, pepala lonse. Ndinamumenya ndi pensulo pa zala, n'kunena mawu oti mpaka lero akundiwotcha: "Mkono waufupi, nzerunso zazifupi?" Sanalire. Anangondiyang'ana, n'kuika pensulo pansi bwinobwino, n'kupita kuseri kwa nyumba. Sabata yonse sanakhudze pepala. Nditabwera ndi atsopano kuchokera ku Khombedza, anati, "Amayi, ine sukulu sindikuifuna. Ndizikagulitsa usipa ngati Anganga."

Ndinachita mantha. Khutu linangomubweza chaka chimodzi, koma ine mayi wake ndinali pafupi kumubweza moyo wonse. Ndinamunyengerera ndi mapu ena ndi zilembo, masamu a zithunzi ndinayamba kuwachepetsa, ndipo pang'onopang'ono anabwerera pamkeka. Mapepala onse othetha ndinawabisa pansi pa matiresi kuti asamawaone, inenso ndisamawaone.

Lolemba la sabata yatha linali tsiku lolembetsanso. Ndinamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumumanga kampango koyera. Ndinasankha mapepala okhoza okhaokha, mulu ndithu, n'kuwaika m'jumbo. Mtengo unali womwewo, tebulo lomwelo, aphunzitsi omwewo. Anatizindikira.

"Mwabweranso, mayi. Tiyeni tione. Gwira khutu."

Amayi, mwana uja anayesetsa. Anaima chonyang'ama ngati kuti zimenezo zithandiza, nkhope itakwinyika. Chaka chonse mkonowo unakula ndi chala chimodzi chokha. Chala chinanso chinatsala. Ndinaona milomo ya aphunzitsi ikukonzeka kunena mawu aja, ndipo sindinawadikire. Ndinakhuthula jumbo lonse patebulo, pamwamba pa buku lawo la mayina.

"Aphunzitsi, mwana amaphunzira ndi khutu la mbali inayo kapena ndi mutu? Taonani izi! Walemba yekha zonsezi!"

Anatembenuza awiri atatu. "Ndi zabwino ndithu. Koma ndingadziwe bwanji kuti simunalembe ndinu?"

Zomwe ndinayankha sindikuuzani, mungandichititse manyazi kwa Ababa. Mungodziwa kuti phokoso langa linatulutsa ahedi mu ofesi. Ahediwo ndi amayi achikulire, a imvi, oyenda pang'onopang'ono. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, n'kunena kuti, "Nkhani yake ndi yosavuta. Pali pepala losalemba pamenepo? Alembe tikuona."

Ndinasanthula muluwo. Onse anali olembalemba kupatula limodzi lomwe linakanirira pansi pa jumbo. Ndinalitulutsa. Linali la masamu a zithunzi, ndipo samu yoyamba inali nsomba zitatu ndi nsomba ziwiri. Ndinafuna kulibweza, koma ahedi anali atatambasula kale dzanja.

Hawa anagwada pansi, pepala analiika pa benchi. Anawerenga mokweza, chala chikuyenda pa nsomba iliyonse: "Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu." Mtima wanga unati Alhamdulillah. Kenako anatulutsa lilime, n'kulemba m'kabokosi, mosamala, mokongola, 6.

Aphunzitsi aja anapumira m'mwamba n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala anga. Ine ndinagwira kale phewa la Hawa kuti tizipita anthu asanayambe kuseka. Koma ahedi anawerama, manja ali m'mawondo, mpaka nkhope yawo inafanana ndi yake.

"Mwanawe, ndakumva ukuwerenga zisanu. Nanga yachisanu ndi chimodziyi yachokera kuti?"

Hawa anandiyang'ana kaye ine, kuona ngati ndikalipe. Kenako anayankha motsitsa mawu: "Ndi banyira."

"Ati chiyani?"

"Banyira. Anganga anati nsomba sapereka zokwana ndendende. Ukawerenga zisanu uziikapo ina imodzi, munthuyo azipita akuseka."

Ahedi anamuyesanso. "Chabwino. Nanga agalu atatu ndi agalu awiri?"

"Asanu."

"Banyira wake?"

Hawa anawayang'ana ngati akudabwa kuti munthu wamkulu chonchi sadziwa zinthu. "Galu alibe banyira. Sagulitsa pamulu."

Amayi, mzere wonse unafa nacho chiseko. Amayi ena anachita kukhala pansi. Ngakhale aphunzitsi aja anabisa nkhope m'buku, mapewa akugwedezeka. Ahedi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Mulembeni mwanayu."

"Koma khutu, ahedi..."

"Mkono ukakulira m'kalasi momwemo. Mulembeni."

Ndinaona ndi maso angawa dzina lake likulowa m'buku. Ndinathokoza mogwada, ndipo aphunzitsi aja ndinawapepesa chifukwa cha pakamwa panga. Anati palibe kanthu, anazolowera.

Titafika kunyumba sindinayambe ndi kuphika. Ndinakweza matiresi, n'kutulutsa mapepala othetha aja, n'kuwayala pakhonde pano limodzilimodzi. Ndinayang'ana paliponse pomwe ndinadutsitsa cholembera chofiira. Nsomba, anawonjezera imodzi. Mango, limodzi. Tomato, mazira, nthochi, chimodzimodzi. Koma nyenyezi, agalu, mipira, magalimoto ndi manambala opanda zithunzi, sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Chaka chathunthu mwana ankandipatsa yankho lokhoza ndi mphatso pamwamba, ine n'kumamulipira ndi ukali. Funso lomwe ahedi anafunsa atangomuona kamphindi, ine mayi wake sindinalifunsepo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lambiri.

Ndinakhala pansi pakati pa mapepalawo n'kulira ngati mwamwalira dzulo. Ndinaliona dzanja lanu. Munkawerenga mulu, wogula n'kutsegula jumbo, ndiye dzanjalo linkabwerera lokha m'dengu inu mukuyang'ana kwina, mukufunsa za odwala a kwawo. Ine ndinkakwiya nazo. Ndinkati mutimaliza ndi ufulu wanuwo, usipa sitimatola. Inu munkangoti, "Kupatsa n'kuika, Patuma," n'kupitiriza. Sindinkadziwa kuti pansi pa benchi pali munthu wina amene akuona zonse n'kumasunga. Ndimayesa ndine ndayamba kumuphunzitsa masamu ndi mapepala anga a ku Khombedza, osadziwa kuti munanditsogolera kalekale, inu amene simunagwirepo pensulo. Ndachita nsanje pang'ono, ndisaname.

Ndiululenso china. Chipitireni inu, mbale ya mpunga ndimaisalaza ndi dzanja, ndipo wogula akati ndiikireniko, ndimati zinthu zadula. Mdzukulu wanu amakhala akuona zimenezonso.

Hawa anandipeza ndili choncho. Ndinamukhazika pamiyendo, ngakhale ndi mwana wa sukulu tsopano, n'kumuuza kuti ndinalakwa ndine, nzeru zake si zazifupi, ndipo mawu aja ndawabweza. Anamvetsera, akusewera ndi mphonje ya mpango wanga. Kenako anafunsa chomwe chinkamuvuta iyeyo.

"Ndiye kusukulu banyira kulibe?"

Ndinati pa pepala kulibe. Aphunzitsi akafunsa zitatu ndi ziwiri, azilemba 5 basi.

Anaganiza nthawi yaitali. "Chabwino," anatero. "Ndizilemba 5. Inayo ndizisungira Anganga."

Lero ndi tsiku lake lachisanu ndi chimodzi. Yunifolomu ndinagula yaing'ono kuposa zonse, komabe ndinachita kuipinda kawiri m'munsi. Amanyamuka m'mawa ndi anzake aja, iwo a Sitandade 2, iye pakati pawo ngati kamwana ka nkhuku, jumbo la makope likugunda m'miyendo. Sacheuka n'komwe. Ine ndimaima pa msewu, pamalo pomwe panali benchi yanu, mpaka atakhota.

Ndikulonjezani ziwiri, Amayi, ndipo Ababa akhale mboni. Mwana ameneyu sadzachoka pa sukulu ine ndili moyo, Inshallah, kaya atalike kaya asatalike, mpaka akafike kumene ine ndinalephera kufika. Ndipo tsiku la msika likubwerali, ndikadzaza mbale, dzanja langa libwerera m'thumba kachiwiri, iye akuona.

Allah akuwalitsireni manda anu, akukhululukireni, akupatseni malo abwino. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja,
Patuma